Boti Likukankhidwirabe pa Mchenga Ngakhale Mwaponya Nangula: Zifukwa Zake ndi Chochita

Mwafika pafupi ndi gombe, mukufuna kutsitsa anthu ndi katundu, koma simukufuna kuti boti likwere pa mchenga. Mwatsitsa nangula, mwapita kumtunda. Pobwerako mukupeza boti lagona cham'mbali, mafunde akulimenyetsa pansi, penti yakalika, mchenga walowa m'njira zamadzi oziziritsa injini. Zikachitika kawiri katatu, ambiri amathamangira kukagula nangula wamkulu, koma vuto silitha, chifukwa kawirikawiri nangulayo sanalakwe kanthu.

Boti loima bwino pafupi ndi gombe limakhala chonchi: mutu wake waloza kumene kukuchokera mafunde, nangula ali kutali kumadzi akuya ndipo wamangidwa kumutu, chingwe chachiwiri chachoka kumbuyo kwa boti kupita kumtunda. Amene wagwira boti ndi nangula wa kutsogoloyo. Chingwe cha kumtunda ntchito yake ndi yongoletsa boti kuzungulira komanso kulikokera pafupi mukafuna kukwera. Pafupifupi mavuto onse ali m'munsimu amayamba pamene dongosolo limeneli lasokonekera penapake.

## Nangula akukokeka, boti likuyandikira kumtunda pang'onopang'ono

Yambani mwatsimikiza kuti akukokekadi. Sankhani zinthu ziwiri kumtunda, cham'mbali mwa boti, china chapafupi china chakutali, zooneka pa mzere umodzi, monga mtengo ndi nsonga ya phiri. Zikasiyana n'kumapitirira kusiyana, boti likuyenda. Mukhozanso kukhudza chingwe ndi dzanja kunja kwa boti. Nangula akagwira, chingwe chimalimba n'kukhala phee. Akamakokeka chimanjenjemera ndi kudumphadumpha.

1. Chingwe chafupika. Ichi ndiye chifukwa chachikulu kuposa zina zonse. Nangula sagwira chifukwa cha kulemera kwake, amagwira chifukwa chokumba pansi. Ali ngati khasu: mukalikoka chogoneka limalowa m'nthaka, mukatukula mpini limazuka. Chingwe chachifupi chimakoka nangula chokweza m'mwamba, ndiye amazuka.

Yezani kuya kwa madzi, muwonjezerepo kutalika kochokera pamwamba pa madzi kufika pomwe chingwe chatulukira pamutu pa boti. Chimene mwapezacho muchulukitse ka 5 kukakhala bata, ka 7 kukakhala mphepo kapena ngati boti mulisiya lokha. Madzi akuya mamita 2, mutu wa boti uli mita 1 pamwamba pa madzi: zonse pamodzi ndi mamita 3, ndiye chingwe chikhale mamita 15 mpaka 21. Anthu amaiwala mita ya mutu wa botiyo, komatu m'madzi osaya ndi gawo lalikulu la masamu onse. Kunyanja zamchere werengerani kuya kumene kudzakhalepo madzi akadzaza, osati kwa nthawi imene mwafikayo.

2. Nangula anangoponyedwa, sanakumbitsidwe. Timangoti "kuponya nangula", koma kumuponyadi ndi kumene kumawononga: unyolo umamugwera pamwamba n'kukola mano ake. Imitsani boti, tsitsani nangula ndi manja mpaka mumve kuti wafika pansi, kenako lolani boti libwerere m'mbuyo mukumasula chingwe pang'onopang'ono. Chikafika pa mlingo wake, mangani, ndipo bwezani boti m'mbuyo ndi injini, mofatsa poyamba kenako mowonjezera pang'ono, kwa theka la mphindi. Boti likaima osasuntha injini ikukoka, nangula wakumba.

3. Palibe unyolo pakati pa nangula ndi chingwe. Unyolo umagoneka mkono wa nangula pansi kuti kukoka kukhale kogona, komanso umateteza chingwe ku miyala. Pa boti laling'ono mamita 3 mpaka 5 amasintha zinthu kwambiri. Ambiri amaika wotalika ngati boti lenilenilo.

4. Mtundu wa nangula sukugwirizana ndi pansi pa madzi.

- Danforth, wa mano awiri aakulu ophwatalala, amagwira bwino mu mchenga ndi m'matope, koma pa udzu ndi pa miyala amangotsetsereka.
- Wooneka ngati pulawo, monga CQR ndi Delta, komanso wa zala zitatu wotchedwa Bruce, amagwira m'malo osiyanasiyana ndipo amapirira mphepo ikatembenuka.
- Wa ngowe zinayi wopindika uja amakola pa miyala. Mu mchenga sagwira kwenikweni, ngakhale kuti ndi amene amapezeka m'maboti ang'onoang'ono ambiri chifukwa sadya malo.
- Wooneka ngati bowa ndi wa pa matope m'madzi odekha. Musamusiyire boti pa gombe la mafunde.

Ngati madzi ndi oyera, yang'anani pansi n'kusankha pomwe pakuwala, pa mchenga. Pakuda nthawi zambiri pamakhala udzu kapena miyala.

5. Mano akola zinyalala. Udzu, thumba la pulasitiki, chidutswa cha ukonde wakale, ngakhale chibuma cha matope ouma. Nangula wotere sangakumbenso ngakhale muwonjezere chingwe chotani. Mukwezeni, mumuyeretse, muyambirenso.

6. Mphepo yatembenuka. Pa magombe ambiri mphepo ya masana imachokera kumadzi kupita kumtunda, usiku n'kubwerera. Boti likazungulira, nangula amakokedwa kuchokera mbali ina, ndipo Danforth amatha kuzuka osakumbanso. Mphepo ikasintha, mukumbitseninso.

7. Nangula ndi wochepadi. Ganizirani izi pomaliza, zina zonse zikakhala kuti zili bwino. Opanga anangula amalemba kukula kwa boti loyenera nangula aliyense. Tsatirani zimenezo, ndipo boti lanu likagwera pakati, tengani wokulirapo.

## Nangula wagwira, koma boti likugundabe pansi

1. Munamutsitsa pafupi kwambiri ndi gombe. Masamu ake ndi ophweka koma pamadzi amaiwalika. Chingwe cha mamita 21 ndi boti la mamita 6 ndiye kuti kumbuyo kwa boti kudzafika mamita pafupifupi 27 kuchokera pa nangula. Ngati munamutsitsa mamita 20 kuchokera pamalo osaya, mwatsala ndi zinthu ziwiri zoipa zokhazokha: kufupikitsa chingwe kuti akokeke, kapena kuchisiya kuti boti ligunde. Pitani patali kuposa mmene maso akukuuzirani. Chingwe chotsala m'boti sichivutitsa, chopereweracho ndi chimene chimavuta.

2. Madzi aphwa. Kunyanja zamchere zambiri madzi amadzaza kawiri ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo kuchoka podzaza kufika pophwa pamadutsa maola 6 ndi mphindi zochepa. Satsika mofanana ola lililonse. Mukagawa kutsika konseko m'zigawo 12, ola loyamba limachotsa chigawo 1, lachiwiri 2, lachitatu 3, lachinayi 3, lachisanu 2, lomaliza 1. Ndiye kuti theka la madzi onse limapita m'maola awiri apakati okha. Kumene madzi amatsika mamita 3, mita ndi theka imapita m'maola awiriwo. Ichi ndi chimene chimapusitsa munthu: ola loyamba akuona ngati palibe chikusintha, n'kutayirira. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangokhala kumene, kusiyana kwa podzaza ndi pophwa kumakula. Onani ndandanda ya kudzaza ndi kuphwa kwa madzi ya malo amenewo musanatsitse nangula.

Panyanja za madzi opanda mchere kudzaza kotereku kulibe, koma mphepo yowomba nthawi yaitali imatha kukankhira madzi mbali imodzi, ndipo m'munsi mwa damu mtsinje umatsika mwadzidzidzi akatseka zipata.

3. Simunawerengere mafunde. Funde lililonse lili ndi chigwa kumbuyo kwake, ndipo boti limatsikiramo. Masentimita 20 amene munasiya pansi pa boti amatha ndi funde limodzi la boti lina lodutsa. Funde limasweka likafika pamene kuya kwa madzi kwatsala pang'ono kufanana ndi msinkhu wa fundelo, choncho yang'anani pomwe thovu loyera likuyambira, boti lonse likhale kunja kwa mzere umenewo. Siyani madzi osachepera theka la mita pansi pa boti kukakhala bata, ndipo oposa pamenepo kukakhala mafunde.

4. Chingwe chatamuka. Nayiloni amatamuka, ndipo ndi chifukwa chake ali wabwino pa nangula: amameza kugwedeza kwa mafunde. Koma mamita 20 a nayiloni akhoza kuwonjezera mamita 2 mphepo ikalimba. Siyani mpata wa zimenezo.

5. Chingwe cha kumtunda chakungika kwambiri, kapena mwendo wa injini mwausiya pansi. Masulani chingwe pang'ono, fupikitsani cha kutsogolo ngati muli ndi chokwanira, ndipo pendeketsani injini m'mwamba n'kuikhoma.

## Boti latembenukira cham'mbali, kapena madzi akulowera kumbuyo

Chizindikiro ichi ndi choopsa kuposa zonse, ndipo sichidikira. Kumbuyo kwa boti ndi kofupika, kophwatalala, ndipo kwanyamula kale injini. Mafunde awiri atatu akalowera kumeneko, boti limalemera, limatsika, ndipo lachinayi limalowa mosavuta kuposa oyamba aja.

1. Nangula wamangidwa kumbuyo kapena m'mbali. Anthu amachita izi chifukwa ndi pomwe akhala, sakufuna kuyenda kupita kumutu. Nangula mmodzi yekha asamangidwe kumbuyo kwa boti laling'ono. Ngati zachitika kale, pititsani chingwe kumutu musanachimasule kumbuyo, kenako masulani kuti boti litembenuke lokha.

2. Mwalowa chamutu kugombe, nangula ali kumbuyo kumadzi akuya. Njirayi ndi yosavuta potsika ndipo imateteza pulopela, n'chifukwa chake imakondedwa. Ine ndimaivomereza pa gombe lobisika, madzi ali bata, kwa kanthawi, munthu ali pafupi. Boti losiyidwa lokha liloze mutu kunja.

3. Mphepo yayamba kuwomba cham'mbali zingwe zonse zili zokungika. Boti lomangidwa kutsogolo ndi kumbuyo silingatembenuke kuti liyang'anane ndi mphepo, ndiye mbali yake yonse imalandira mphepo ndi mafunde, nangula n'kumakokedwa chopingasa. Masulani chingwe cha kumtunda, boti lizungulire pa nangula wake. Onani kaye kuti pozungulirapo palibe mwala, boti lina kapena anthu osambira. Ngati mpata ndi wochepa, sunthani pomangira pa kumtunda mupite mbali imene mphepo ikuchokera.

4. Chikhomo cha kumtunda chazuka. Chikhomo chokhomedwa chowongoka mu mchenga wouma sichigwira. Chipendekereni kumtunda, kapena kwirirani nangula wamng'ono mu mchenga wonyowa n'kumupondereza.

Madzi akalowa, anthu asunthire kutsogolo, yambani kukapa nthawi yomweyo, ndipo musayese kubwerera m'mbuyo ndi injini molimbana ndi mafunde.

## Boti laima bwino, koma simungalifikire popanda kusambira

Apa ndi pamene anthu amagonja n'kungolikokera pa mchenga. Njira zilipo zingapo, iliyonse ndi vuto lake.

Yophweka ndi ya zingwe ziwiri. Tsitsani nangula patali, bwererani m'mbuyo mukumasula chingwe choposa chofunika mpaka pamene madzi akulekeza m'mawondo, tsitsani anthu ndi chingwe cha kumtunda. Kenako mmodzi atsale m'boti, akoke chingwe cha kutsogolo kuti boti libwerere kwakuya. Vuto lake mwaliona kale: wotsalayo atsika bwanji? Ngati aliyense akufuna kutsika, sankhani imodzi mwa njira zotsatirazi.

Chingwe chozungulira. Pa nangula mumangapo choyandama chokhala ndi mphete yachitsulo kapena kawilo. Chingwe chachitali chimadutsa m'mphetemo, mbali zake zonse ziwiri n'kufika kumtunda, boti n'kumangidwa pa chingwecho kumutu. Mukakoka mbali imodzi boti likupita kwakuya, mukakoka inayo likubwera. Likakana kuyenda, onani izi motsatana:

- mbali ziwiri za chingwe zapotana. Zitalikitseni kumtunda, muzimange pa zikhomo ziwiri zosiyana
- mfundo yafika pa mphete ndipo singadutse. Isunthireni pafupi ndi boti
- udzu wadzaza m'kawilo. Mphete yaikulu yosalala sikola msanga ngati kawilo kakang'ono
- mukukoka nangula yemweyo chifukwa sanakumbe bwino

Chingwe chotamuka ngati mphira, chopangidwira ntchito imeneyi. Mumachimanga pakati pa nangula ndi mutu wa boti, mumachitamula pofika kugombe, mukatsika chimabweza boti kwakuya, inu mwagwira chingwe cha kumbuyo. Chikalephera kubweza boti, mwina munatsitsa nangula pafupi kotero kuti sichinatamuke, kapena mphepo yaposa mphamvu yake, kapena mphira wafooka ndi dzuwa. Ndi cha masana kukakhala bata. Usiku wonse kapena pa mphepo musachidalire, ndipo musaime mu mzere wake chikakhala chokungika.

Nangula wokhazikidwa pamutu. Pa boti lopepuka kwambiri, mumamanga chingwe cha nangula kumutu pa mlingo wake, mumakhazika nangula m'mphepete mwa mutu, mumamanga kachingwe kena katali kumunsi kwake komwe kuli mano, n'kukankha boti. Likafika kwakuya mumagwedeza kachingweko, nangula n'kugwa. Pofuna boti mumakoka kachingwe komweko, nangula amabwera chazondoka boti likutsatira. Kuipa kwake n'koti nangulayu sanakumbitsidwe ndi injini, ndiye musachoke pamalopo.

Boti likathawa, musalisambirire. Mphepo imaliyendetsa mofulumira kuposa mmene munthu amasambirira, ndipo mukatopa mudzakhala muli kutali ndi boti ndi gombe lomwe.

## Nangula wakana kuzuka

1. Wakumba kwambiri mu mchenga kapena m'matope. Kokani chingwe mpaka chiime chowongoka pansi pa mutu wa boti, mangani, dikirani. Kukwera ndi kutsika kwa boti pa mafunde kumamuzula kokha. Anthu akapita kutsogolo pomanga kenako n'kubwerera kumbuyo, mutu umatukuka n'kuthandiza.
2. Wakola mwala. Masulani chingwe pang'ono, yendetsani boti mofatsa mozungulira mpaka mukoke kuchokera mbali yosiyana ndi imene analowera. Chingwe chikhalebe chomangidwa kumutu, ndipo wina aziona kuti sichikupita ku pulopela.
3. Wakola chingwe cha wina, unyolo wakale kapena ukonde. Mukakwanitsa kumukweza pafupi, dutsitsani kachingwe pansi pa chinthucho, chigwireni m'mwamba, tsitsani nangula kuti amasuke.

Kuti zisabwerezeke pamalo amiyala, mangani kachingwe kumunsi kwa nangula n'kuika choyandama kumapeto kwake, kotalikirapo pang'ono kuposa kuya kwa madzi akadzaza. Ena amamanga unyolo kumunsi kwa nangula n'kuugwiriza kumutu kwa mkono wake ndi kapulasitiki komangira mawaya, kuti akakola, kapulasitikiko kaduke nangula atuluke chazondoka. Ndi nzeru yabwino mukakhala m'boti mukuwedza, koma kakhoza kudukanso mphepo ikatembenuka inu muli kumtunda.

Musamange chingwe kumbuyo n'kukoka ndi mphamvu zonse za injini. Umu ndi mmene maboti ang'onoang'ono amamirira pa tsiku la bata.

## Chingwe chaduka kapena chamasuka

Yang'anani pomwe chathera. Ngati chanyenyeka pafupi ndi mutu wa boti, chimakhulana ndi m'mphepete. Vekani chidutswa cha paipi yofewa pamalopo. Ngati chanyenyeka kumunsi, ndi miyala, ndipo unyolo ndi wofupika. Ngati chabwera chathunthu koma chopanda nangula, bawuti ya kachitsulo kolumikizira kotchedwa shackle yamasuka. Imangeni ndi waya wosachita dzimbiri kuti isazungulire. Ngati chonse chapita m'madzi, ndiye kuti mapeto ake sanamangidwe m'boti.

Chingwe choyandama cha pulasitiki wotchedwa polypropylene chimaterera pa mfundo, chimaphikika ndi dzuwa, ndipo chimakola mapulopela a maboti odutsa. Pa nangula gwiritsani nayiloni. Chingwe chikakola pulopela yanu, zimitsani injini ndi kuchotsa kachingwe kozimitsira musanayandikize dzanja.

## Pamene muyenera kusiya ndi kuitana ena

Chokanipo, musalimbane nazo, ngati mafunde akusweka pamalo onse amene mungaime, ngati mphepo yolowera kumtunda ikukulirakulira, kapena ngati nangula wakokeka kawiri mutachita zonse moyenera. Pansi pamenepo sipagwira. Zikavuta mwadzidzidzi ndipo nangula wakana kuzuka, mangani choyandama pa chingwe, chiponyeni m'madzi, mudzamutenge kukachita bata.

Itanani opulumutsa pamadzi nthawi yomweyo ngati madzi akulowa kuposa mmene mukukapira, ngati injini yakana kulira nangula akukokeka kulowera ku miyala, ngati munthu wakodwa ndi chingwe, kapena ngati boti lathawa muli anthu. Pa wailesi yolankhulirana pamadzi ya VHF, tchanelo 16 ndi cha ngozi. Aliyense avale jekete yoyandamitsa musanayambe china chilichonse.

Ngati mukuganiza kuti nangula wakola waya wamagetsi kapena paipi ya pansi pa madzi, musakoke ndipo musadule chinthucho. Siyani nangula ndi choyandama, mudziwitse oyang'anira doko kapena gombelo. Nangula wokakamira kwakuya ndi ntchito ya katswiri wolowa pansi pa madzi ndi zida, osati ya munthu wongogwira mpweya, makamaka pomwe pali maukonde akale.

Boti likakhala kuti lamenyetsedwa pansi, lipite kwa wokonza maboti lisanabwerere pamadzi ngati mwaona mng'alu, ngati madzi akusonkhana pansi popanda mvula, kapena ngati chomangira chingwe chakumutu chikugwedera. Injini ipite kwa makaniko ngati kamtsinje ka madzi oziziritsa kafooka kapena kasiya kutuluka, ngati ikunjenjemera pulopela itagunda pansi, kapena ngati inamira. Injini yomira musayese kuiliza, ndipo ifike kwa makaniko tsiku lomwelo dzimbiri lisanayambe mkati.